Sitima yankhondo ikaima pa Beira, nkhani ndi yathunso

Tsiku lina tili pamzere wa mafuta, dzuwa likuswa mtengo, ndinkangoyendetsa chala pafoni kuti nthawi ipite. Ndinapeza chithunzi cha chisitima chankhondo cha America chitaima padoko la Maputo, akuluakulu a asilikali akugwirana chanza ndi eni dziko. Ndinaonetsa mnyamata wa kabaza amene anali pafupi nane. Anangoyang'ana kamodzi n'kundibwezera foni. “Aise, ife nyanja yamchere tilibe. Izo n'za eni ake. Ife tikungofuna petulo basi.”

Sindinamutsutse, chifukwa pamzere wa mafuta si pochitira mtsutso. Ndikudziwanso kuti chimene chimatigoneka pamizereyi nthawi zambiri n'kusowa kwa ndalama zakunja, osati sitima zankhondo. Komabe petulo amene tinkadikirayo satumphuka pansi ku Kanengo. Amabwera pasitima kudutsa nyanja ya Indian Ocean, n'kutsitsidwa ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Nacala. Feteleza amene amayi akudikira kumudzi amadutsa momwemo. Fodya, tiyi ndi nandolo wathu amatulukira momwemo. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi mwina inadzeranso konko. Ndiye funso loti ndani akulondera nyanjayo, ndipo akufunapo chiyani, ndi lathu ngakhale tilibe gombe.

Maganizo anga ndi awa. Sitima zankhondo za mayiko akuluakulu zimene zikungozungulira m'mbali mwa Africa zimathandiza, ndipo nthawi zina zimapulumutsa miyoyo. Koma sizibwera chifukwa cha chikondi chokha. Tizilandire, inde, koma ulendo uliwonse tiziufunsa funso limodzi: sitimayi ikanyamuka, eni gombe atsala ndi mphamvu zochuluka kuposa kale, kapena atsala akudalira mlendo kuposa kale?

Poyamba timvetsetsane kuti sitimazi zimayenda bwanji. Ambiri timaganiza kuti sitima yankhondo imakhala kwawo mpaka nkhondo itabuka. Mayiko amphamvu satero. Amaikiratu sitima zawo kutali ndi kwawo, pafupi ndi malo amene akuwaona kuti ndi ofunika, n'kumakhala komweko miyezi kapena zaka. America ili ndi likulu la gulu lina la sitima zake ku Bahrain, lina ku Naples m'dziko la Italy. Sitima imene inali pachithunzi chija, USS Hershel “Woody” Williams, ndi yotalika pafupifupi mamita 240, kuposa mabwalo awiri a mpira. M'chaka cha 2020 anaipatsa malo pachilumba cha Crete ku Greece kuti izigwira ntchito m'mbali mwa Africa, ndipo mu Okutobala 2021 inafika ku Maputo. Asilikali ake ankasinthana, koma sitimayo inkakhalabe kuno mpaka 2025.

Pali mtundu wina wa sitima umene ndi wofunika kwambiri pankhaniyi. Izi ndi sitima zonyamula asilikali, galimoto, mahelikopita ndi mabwato otha kukagunda pamchenga n'kutsitsa katundu popanda doko. Anazipangira nkhondo, kuti asilikali azitha kutsika pagombe la adani. Koma taganizani: sitima imene ingatsitse asilikali pamalo opanda doko ingatsitsenso mpunga, mankhwala ndi madokotala pamalo pamene doko lagumuka. Pachifukwa ichi, sitima zomwezi zasanduka akazembe oyandama. Zimafika padoko, n'kuchititsa maphunziro a asilikali, kupima odwala, kupenta sukulu, kusewera mpira ndi eni dera, madzulo n'kuitanira nduna kuphwando pamwamba pa sitima. Popanda kuwomba mfuti ngakhale kamodzi, uthenga umakhala wafika: tilipo, tili ndi mphamvu, ndipo tingakhale abwenzi anu.

Amene akukayika ngati zimenezi zili ndi phindu akumbukire za Idai. Namondweyu anagunda mzinda wa Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, atayamba wagwetsa chimvula chimene chinamiza midzi ku Nsanje, Chikwawa ndi maboma ena akummwera kwathu kuno. Anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Ku Beira misewu inaduka, magetsi ndi mafoni zinazima, ndipo kudera la Buzi anthu anakhala masiku pamadenga ndi m'mitengo.

Nthawi imeneyo sitima zitatu za India, INS Sujata, INS Shardul ndi ICGS Sarathi, zinali paulendo wophunzitsa asilikali achinyamata panyanja yomweyo. Boma la Mozambique litapempha, zinakhotera ku Beira n'kufika patangopita masiku ochepa, mabungwe ambiri othandiza asanapeze polowera. Shardul ndi ya mtundu uja wotsitsa katundu pagombe, ndipo inali ndi helikopita ndi mabwato. Asilikali a India anapulumutsa anthu oposa 190 ndi kupereka chithandizo cha mankhwala kwa anthu oposa 1,000. Kumapeto kwa mwezi womwewo sitima yaikulu ya France yotchedwa Tonnerre inafikanso ndi katundu wothandizira.

Mfundo yake apa ndi yosavuta. Sitimazo zikanakhala kuti zagona kwawo ku India, zikanafika madzi ataphwa kale, maliro ataikidwa. Zinathandiza chifukwa zinali pafupi. Mayi amene anatsitsidwa mumtengo ndi mwana kumbuyo sanafunse kuti mbendera ya pabwatolo ndi ya dziko liti, ndipo ine sindingamuphunzitse ndale ndili pouma.

Nkhani ya mbava za panyanja ndi chimodzimodzi. M'chaka cha 2011 mbava za ku Somalia zinaukira sitima maulendo 237. Zinkafika kutali kummwera, moti mu Disembala 2010 zinalanda sitima ya asodzi yotchedwa Vega 5 m'madzi a Mozambique momwe. Kuyambira 2008 mayiko a ku Ulaya anatumiza sitima zawo pansi pa ntchito yotchedwa Atalanta. China nayo inayamba kuperekeza sitima zamalonda chaka chomwecho. America, India, Japan ndi ena analowapo, eni sitima zamalonda n'kuyamba kulemba alonda a mfuti. Pasanathe zaka zambiri umbavawo unatsikiratu. Zikanapitirira, ndalama za inshulansi ndi zoyendetsera katundu zikanangokwerabe, ndipo wolipira womaliza amakhala iwe ndi ine pagolosale.

Tinaonanso kuyambira Novembala 2023, gulu la Houthi la ku Yemen litayamba kuwombera sitima pa Red Sea. Makampani akuluakulu anasiya njira ya Suez n'kumazungulira ku Cape, ulendo n'kutalika ndi masiku pafupifupi 10. Dziko lopanda gombe limamva kuwawa kawiri: limalipira mtengo wa panyanja umene wakwera, kenako n'kulipiranso wa pamsewu kuchokera kudoko.

Pofika apa wina anganene kuti, “Ndiye vuto lili pati? Abwere onse, atilondere.” Apa m'pamene ndikupempha kuti tikumbukire mawu a makolo akuti kupatsa n'kuika. Wopatsa amakhala akusunga, ndipo tsiku lina adzabwera kudzatenga.

Ife a Malawi sitifunika kuchita kuuzidwa ndi munthu zimenezi, chifukwa mapu a dziko lathu anajambulidwa mothandizidwa ndi sitima zankhondo. Kumapeto kwa 1889 msilikali wa Chipwitikizi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo kuchigwa cha Shire, Portugal ikufuna kutenga derali. Pa 11 Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, kwinaku itasonkhanitsa sitima zankhondo ku Zanzibar. Portugal inagonja popanda nkhondo. Chaka chomwecho Britain inaika timasitima tiwiri ta mfuti, Herald ndi Mosquito, pamtsinje wa Zambezi ndi Shire, ndipo tauni ya Nsanje inakhala ikutchedwa Port Herald mpaka nthawi ya ufulu. Kuti lero ku Blantyre timaphunzira Chingerezi osati Chipwitikizi, mbali ina n'chifukwa cha sitima zimene zinangoima panyanja. Agogo athu sanafunsidwe n'komwe.

Masiku ano palibe amene akubwera kudzakweza mbendera pa Nsanje, koma kuwerengera phindu sikunasinthe. Taonani dziko la Djibouti, la anthu pafupifupi 1 miliyoni, lomwe lili pakhomo lolowera ku Red Sea. Muli malo a asilikali a France, America, Japan, Italy ndi China. America inagwirizana mu 2014 kuti izilipira $63 miliyoni pachaka pa malo ake a Camp Lemonnier. China inatsegula ake mu 2017, oyamba kunja kwa dziko lawo, ndipo inayamba ndi kuperekeza sitima zamalonda kuja. Sitima yoyendera imafuna pomwera mafuta. Pomwera mafuta pamafuna mpanda. Mpanda ukamangidwa, mlendo wakhazikika.

India nayo sibisa cholinga chake. Mu Malichi 2015 nduna yaikulu Narendra Modi analengeza ku Mauritius mfundo yotchedwa SAGAR, yofuna kuti India ikhale bwenzi loyamba kuthamangirako pa Indian Ocean. Patangopita miyezi inayi chichitikireni Idai, India inapatsa Mozambique mabwato awiri aliwiro olonderera gombe. Mu Febuluwale 2024 inatsegula bwalo la ndege ndi doko zimene inamanga pachilumba cha Agalega ku Mauritius. Mu Epulo 2025 inachititsa limodzi ndi Tanzania maphunziro a asilikali apamadzi a mayiko angapo a Africa ku Dar es Salaam. Zonsezi zikuchitika India ikuyang'ana mwatcheru sitima za China zimene zikuchuluka panyanjayi. China nayo imatumiza sitima yake yachipatala, Peace Ark, yomwe inafika ku Maputo mu 2017 n'kupima anthu ulere. France ili ndi asilikali ku Réunion ndi Mayotte, ndipo ikugwiritsitsa tizilumba ta pakati pa Mozambique ndi Madagascar timene Madagascar imati ndi take.

Sindikunena kuti dokotala wa pasitima amabaya jakisoni ndi mtima woipa. Ndikunena kuti boma limene lamutuma limawerengera zina: voti ku United Nations, mgwirizano wa gasi ndi migodi, chilolezo chodzaimikanso sitima mawa, komanso kutsekereza mnzake wopikisana naye. Ngati sitiona zimenezi, timakhala ngati mwana amene akusangalala ndi masiwiti a mlendo osadziwa kuti akulu akukambirana za munda.

Ndipo mtengo wake umatha kukhala wowawa. Pakati pa 1968 ndi 1973 Britain inasamutsa anthu onse a pazilumba za Chagos kuti America imange malo a asilikali pa Diego Garcia. Mu 2019 khoti lalikulu la padziko lonse ku The Hague linanena kuti Britain iyenera kuchoka pazilumbazo. Mgwirizano umene Britain inasainira ndi Mauritius mu Meyi 2025 umasiyabe Diego Garcia m'manja mwa asilikali kwa zaka 99. Agogo ambiri amene anachotsedwa ali achinyamata amwalira asanaonenso kwawo.

Chitsanzo chapafupi ndi South Africa. Mu Febuluwale 2023 inachita maphunziro apanyanja otchedwa Mosi II limodzi ndi Russia ndi China kufupi ndi Durban ndi Richards Bay, m'masiku omwe nkhondo ya ku Ukraine inkakwanitsa chaka. Mayiko a azungu anakwiya. Mu Meyi chaka chomwecho kazembe wa America, Reuben Brigety, ananena kuti sitima ya Russia yotchedwa Lady R inapakira zida padoko la asilikali la Simon's Town. Kafukufuku amene boma la South Africa linakhazikitsa sanapeze umboni wa zimenezo, koma randi inali itagwa kale, ndipo aphungu ena a ku America anayamba kufunsa ngati dzikolo liyenera kupitiriza kupindula ndi mgwirizano wamalonda wa AGOA. Amene muli ndi achibale ku Joni mukudziwa kuti randi ikagwa, ndalama yofika kumudzi imachepa. Sitima ikaima padoko lako, anthu amati wasankha mbali, kaya wasankhadi kaya ayi.

Tsono mlandu wonse tiukankhire alendo? Ayi ndithu. Alendo amadzaza malo amene eni ake awasiya opanda kanthu. Mozambique ili ndi gombe lotalika pafupifupi makilomita 2,500. M'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anatenga ngongole za pafupifupi $2 biliyoni, zambiri mobisa, ponena kuti agula sitima zophera nsomba ndi zolonderera gombe. Nkhani itaphulika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, chuma chinagwedezeka, ndipo sitima zambiri zinangochita dzimbiri padoko. Amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa kukhoti la ku New York mu 2024. Mu Ogasiti 2020 zigawenga za ku Cabo Delgado zinalanda doko la Mocímboa da Praia n'kuligwira chaka chathunthu, mpaka asilikali a Rwanda atabwera kudzathandiza. Ndalama zolonderera gombe zinatengedwa, koma gombe linalibe mlonda.

South Africa, yomwe ili ndi sitima zamphamvu kuposa onse mu SADC, inayamba kulondera madzi a Mozambique mu 2011 pansi pa ntchito yotchedwa Operation Copper. Koma masiku ano sitima zake zikuluzikulu zambiri zimakhala padoko kudikira kukonzedwa chifukwa ndalama zikuchepa. Pamapepala tili bwino: SADC inavomereza ndondomeko ya chitetezo cha panyanja mu 2011, African Union ili ndi yake, ndipo mu 2016 atsogoleri anasainira pangano la ku Lomé limene mayiko ochepa okha ndi amene analivomereza mokwanira. Pepala silithamangitsa sitima yoba nsomba.

N'chifukwa chake ndikuti muyeso ukhale zimene zatsala sitima ikapita. Maphunziro a Cutlass Express amene America imachititsa kummawa kwa Africa amaphunzitsa asilikali kukwera ndi kusecha sitima zokayikitsa. Zimenezo n'zabwino, koma ngati ophunzirawo abwerera kwawo n'kupeza bwato lilibe mafuta, tangojambulitsa zithunzi. Mphatso ya bwato ndi yabwino, koma ibwere ndi masipeyala ndi amakaniko ophunzitsidwa, apo ayi pakatha zaka zochepa imakhala chikumbutso chabe. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Zinthu zimene zimaoneka zosasangalatsa pa Facebook, monga malo osonkhanitsira uthenga wa kayendedwe ka sitima amene ali ku Madagascar ndi malo ogwirizanitsira ntchito zolondera amene ali ku Seychelles, n'zimene zimasiya mphamvu m'manja mwa eni dera.

Nanga Malawi angachitepo chiyani, poti asilikali athu apamadzi ali ku Monkey Bay, panyanja yopanda mchere? Choyamba, tisiye kudziona ngati oonerera. Malamulo a United Nations okhudza nyanja, amene anasainidwa mu 1982, amapatsa mayiko opanda gombe ufulu wofika kunyanja ndi wodutsitsa katundu wawo. Wokhala ndi ufulu ali ndi pakamwa. Ku SADC, nkhani ya chitetezo cha Beira, Nacala ndi Dar es Salaam ikamakambidwa, nthumwi zathu zisamakhale chete poganiza kuti n'za eni gombe. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi amene amayamba kubanika njirazi zikatsekeka. Makolo athu anaziona m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za Beira ndi Nacala, katundu wathu n'kumazungulira mpaka ku Durban, ndipo asilikali athu anachita kutumizidwa kukalondera njanji ya Nacala.

Chachiwiri, tikankhe kuti mayiko a SADC azikambirana ndi alendowa ngati gulu, osati aliyense payekha mumdima. Dziko limodzi losauka likakhala patebulo ndi America kapena China, limangolandira zimene lapatsidwa. Mayiko onse a m'chigawo akagwirizana kuti sitima zachilendo zibwere koma pamfundo zodziwika, kuti uthenga umene zasonkhanitsa m'madzi athu uzigawidwa kwa eni madzi, ndiponso kuti malo okhazikika a asilikali achilendo asamaperekedwe nyumba zamalamulo zisanaone mgwirizano wake, mawu athu amalemera. Ngongole zobisika za ku Maputo zatiphunzitsa zimene zimachitika chitetezo chikakhala chifukwa chobisira anthu zinthu.

Chachitatu, tiphunzire pa Idai. Namondwe adzabweranso, ndipo Freddy anatikumbutsa zimenezi mu 2023. Chigawo chathu chikufunika mabwato, mahelikopita ndi anthu ophunzitsidwa amene angafike pamadzi osefukira tsiku loyamba, kaya ndi ku Buzi kaya ndi ku Makhanga. Si nzeru kuti moyo wa anthu athu uzidalira mwayi woti sitima ya India inali kudutsa pafupi sabata imeneyo. Ngati alendo akufunadi kuthandiza, apa m'pamene tiwauze kuti aikepo ndalama ndi maphunziro awo.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti dziko limene likulephera kugula mankhwala m'zipatala lisamalote za nyanja. Ndikuwamva. Koma kuyankhula pamsonkhano wa SADC sikufuna sitima, ndipo kufunsa nduna kuti inasainira chiyani sikufuna madola. Chimene chikufunika n'chakuti aphungu athu, atolankhani anzanga ndi inu amene muli ndi foni m'manja tizitsatira nkhanizi monga timatsatirira mtengo wa dola.

Mnyamata wa kabaza uja anapeza petulo wake dzuwa litapendeka, n'kuliza njinga kumapita. Ananena zoona kuti nyanja yamchere tilibe. Koma malita amene anathira mu thanki yake anali atadutsa m'madzi amene sitima za America, China, India ndi France zikulondera, aliyense ndi zolinga zake. Mu 1890 anthu ena anagawana tsogolo la dziko lino sitima zitaima ku Zanzibar, eni ake osadziwa. Nthawi imeneyo kunalibe wotiuza. Lero chithunzi chimatipeza pamzere wa mafuta, ndiye tikachiona tisamangodutsa. Tizifunsa kuti sitimayi yabwera kudzatani, yalonjezedwa chiyani, ndipo ikamapita itisiyira chiyani.